A Pepani a ku Fakitale ya Nsapato

Dzina loti Pepani sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a ku fakitale ya nsapato, ndipo linamumatirira mpaka ana a m'dera lomwe ankakhala ankayesa kuti ndi dzina lake lenileni. Ine ndinamudziwa dzinali lisanabwere, nthawi imene tinkagona chipinda chimodzi ku yunivesite, iye bedi la kuwindo, ine la kuchitseko.

Anali wamtali, wowonda, woyenda mowerama pang'ono ngati munthu amene wataya singano. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anakulira m'manja mwa achemwali ake ndi amuna awo. Alamu akewo ankadula zikopa ku fakitale ya nsapato. Ndi iwo amene anamuperekeza tsiku loyamba, sutikesi ili paphewa, thukuta lili kamukamu, ndipo ataitula pabedi anandigwira chanza ngati tinadziwana kalekale. Chala chawo cholozera chinali chachifupi, makina anadyako nsonga ali mnyamata.

"Mundisungire mwanayu," anatero. "Ndi wofatsa kwambiri, anthu angamukwere pamutu."

M'chaka choyamba panali phunziro limene aliyense ankayenera kulitenga, kaya ukuphunzira zamalamulo, zaulimi kapena zamasamu. Amene ankaphunzitsa anali mayi wina wamfupi amene tinkamutchula kuti Umboni, chifukwa ukangotsegula pakamwa ankafunsa kuti, "Umboni wake uli kuti?" Tsiku loyamba anatiuza kuti tisayese yunivesite ndi malo ogawira mapepala.

"Zambiri zimene muloweze kuno zidzatha ntchito musanamere imvi," anatero. "Ife tikufuna mudzatuluke muli anthu oganiza musanavomere. Anthu odziwa kulankhula, komanso kutseka pakamwa mnzanu akamalankhula. Anthu otha kugwira ntchito ndi munthu amene simukumufuna. Ndipo akakusiyirani kiyi wa sitolo, mwini wake azigona tulo."

Ambirife tinkangofuna kukhoza phunzirolo kuti litichoke. Mayiyo ankatikhazika awiriawiri, n'kutipatsa nkhani yoti tikangane, ndipo lamulo lake linali loti usanamuyankhe mnzako, uyambe wabwereza zimene wanena mpaka iyeyo avomere kuti wamumvetsa. Ine zinkanditopetsa. Mnzangayo zinamulowa m'magazi. Ankabwera nazo mpaka kuchipinda. Ndikalusa kuti wandimalizira sopo, ankandiyang'ana modekha n'kunena kuti, "Ndiye ukuti vuto si sopoyo, koma kuti sindinapemphe?" Ndinkafuna kumugenda ndi nsapato, koma pofika pamenepo mkwiyo unkakhala utaphwa kale, chifukwa zinali zoona.

M'chaka chachitatu madzi anasiya kutuluka kumalo athu ogona. Zimbudzi zinayamba kununkha mpaka kumsewu. Tsiku lina anyamata anazungulira galimoto ya bambo woyang'anira malowo, miyala ili m'manja. Atsogoleri athu anakwera patebulo n'kumakuwa. Mnzangayo anangopita pawindo la galimotoyo, kuwerama, kulankhula ndi bambo amene ankanjenjemera mkatimo, kubwerera kwa anyamata a miyala, kupitanso ku galimoto. Dzuwa lisanapendeke bamboyo anatuluka yekha kukaona zimbudzizo, mpango uli pamphuno, ndipo m'mawa mwake thanki ya madzi inafika. Mayi Umboni atamva, anamuimiritsa m'holo ya yunivesite n'kutiuza kuti, "Mukamafunsa kuti tikufuna munthu wotani, ndi uyu."

Titamaliza, ine ndinapita kukaphunzitsa ku sekondale. Iye anazungulira m'maofesi kwa miyezi ingapo, mpaka alamu ake anamva kuti ku fakitale kwawo akufuna munthu mu ofesi yoona za antchito. Anamutenga. Kuyambira tsiku limenelo alamu aja anasiya kumutchula kuti mwana. Anayamba kumuti alamu, ndipo pageti ankauza aliyense wofuna kumva kuti, "Mlamu wanga ali m'mwambamo."

Fakitaleyo inali chinyumba chachitali cha malata, ndipo mkati mwake munali phokoso loti anthu ankalankhulana ndi manja. Kumapeto kuno kunali odula zikopa, pakati osoka, kutsidya uko omata soli, kumene fungo la guluu linkamutsatira munthu mpaka kunyumba n'kukalowa m'mabulangete. Maofesi anali m'mwamba, mawindo ake oyang'ana pansi. Anthu a m'mwamba sankatsika kawirikawiri. Iye ankatsika tsiku lililonse, tayi atailowetsa m'shati kuti makina angaikoke.

Zaka zoyambazo zinali zabwino. Amayi omata soli ankadandaula mutu kuyambira kalekale, ndipo yankho lake linkakhala mapiritsi a ku kiliniki ya pafakitalepo. Iye anakakhala nawo tsiku lathunthu, mutu unamuwawa yekha, ndipo anakakamira mpaka khoma linabooledwa n'kuikamo mawindo ndi mafani. Anthu akayambana ankawakhazika pamodzi. Wina akaferedwa ankapita. Ankadziwa mayina a ana a anthu, ndani akudwala mphumu, ndani akulemba mayeso. Anakwatira, anabereka mwana wamkazi, ananenepako pang'ono.

Kenako m'misika munadzaza nsapato zotchipa zochokera kunja. Zinkang'ambika msanga, koma anthu ankagula zomwezo. M'nyumba yosungira katundu makatoni anaunjikana mpaka kudenga. Eni fakitale anayamba kulankhula zochepetsa anthu.

Mnzangayo sanagonje. Anati vuto lililonse lili ndi njira, bola ulione bwinobwino. Kwa masabata angapo anakhala pansi pakati pa makina, kuona kuti chikopa chimadikira kuti, osoka amakhala osagwira kanthu nthawi yanji, nsapato imayenda mtunda wotani isanalowe m'katoni. Anafunsa anthu, ndipo poti ankamukhulupirira, anamuuza zonse, ngakhale malo amene ankabisala akatopa. Pamapeto pake anapita kukaima pamaso pa mabwana. Anawaonetsa kuti makina akasunthidwa, ntchito n'kugawidwa mwa njira ina, fakitale ikhoza kumapanga nsapato zokwanira msika m'masiku ochepa pasabata. Aliyense alandire zocheperako, koma pasakhale wochotsedwa.

Bwana wamkulu anali munthu wosakweza mawu, wokonda kupukuta magalasi ake ndi tayi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ntchito yabwino kwambiri," anatero. "Ndiye mukuti zonsezi zingatheke ndi nthawi yochepa chonchi?"

"Inde bwana. Ndayesa ndekha, umboni ulipo."

"Ndiye kuti zingathekenso ndi anthu ochepa, sabata yonse."

Mnzangayo anandiuza kuti anayesa kufotokoza kuti si zimene ankatanthauza, koma nzeru zake zomwe zinali zitamuyankha kale. Makina anasunthidwa ndendende mmene iye ananenera. Kenako bwana uja anamuitana yekha.

"Anthuwa amakumverani inu. Akauzidwa ndi wina, pakhala chipolowe. Muwauze ndinu."

Akanatha kukana. Anaganiza kuti kuli bwino munthu amve kwa amene amamudziwa, kusiyana n'kumva kwa mlonda wa pageti. Anapempha kachipinda ka pafupi ndi kiliniki, anachotsamo tebulo, n'kusiyamo mipando iwiri yoyang'anana ndi kapu ya madzi. Munthu akalowa iye ankaimirira. Sankazungulira. Ankanena nkhaniyo m'mawu oyamba enieni, n'kumaliza ndi kuti pepani, kenako ankakhala chete. Ena ankatukwana, ena ankalira, ena ankafunsa za ana awo ngati iye ali ndi yankho. Ankawamvetsera mpaka atope, osayang'ana wotchi. Palibe windo limene linasweka. Eni fakitale anamukweza udindo, n'kumupatsa galimoto yoyera.

Dzina lija linayambira pamenepo. Pansi paja anthu ankafunsana kuti, "A Pepani akuitana kale?" Wina akachedwa kuntchito anzake ankamuseka kuti, "Pitiriza, ukamwa madzi." Kumwa madzi kunkatanthauza kuchotsedwa. Akamatsika masitepe monga ankachitira kale, anthu ankaweramira pamakina, aliyense kupewa kuti maso angakumane.

Patapita chaka mabwana anagwirizana zoyamba kugula zikopa zodulidwa kale kuchokera kunja. Gawo lonse la odula linali loti litsekedwe. Mnzangayo anatsutsa mpaka mawu anasasa, koma sizinathandize. Anamuuza kuti asunge pakamwa mpaka katundu woyamba afike.

Lamlungu lililonse masana ankakadya kwa achemwali ake, ndipo sanasiye. Lamlungu lina ali patebulo, alamu ake anatulutsa nkhani yoti mnzawo wina amene ali ndi malo opangira mipando ya sofa akufuna munthu wodziwa kudula chikopa, ndipo wawapempha kuti apite.

"Ndamukanira," anatero uku akuseka. "Ndisiye fakitale pamene mlamu wanga ali m'mwambamo? Ndingakhale wopusa."

Mnzangayo anameza chimene chinali m'kamwa. "Muganizire bwino, alamu. Mwayi wotere suchedwa kupita."

"Ndaganizira kale. Onjezani ndiwo, mwaonda."

M'mawa mwake mnzangayo anabwera kusukulu kwathu nthawi yopuma. Tinaima pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi, n'kundiuza zonse.

"Auze, aise," ndinatero. "Ndi alamu ako amenewa."

"Ndikauza iwo, ena aja alakwa chiyani? Nawonso ali ndi ana. Ndikauza onse, anyanyala, apolisi abwera, ndipo achotsedwa ngati oukira, opanda chilichonse m'manja."

"Ndiye uwanong'oneze okha."

"Ukuwadziwa alamu. Sangadye chakudya chamasana ndi anzawo uku akudziwa, osanena. Komanso anandikhulupirira ndi nkhaniyi. Ndikaiulula, ndine munthu wotani?"

Mfundo zake zonse zinali zolongosoka, ndinalephera kugwetsako ngakhale imodzi. Belu linalira, ine n'kubwerera m'kalasi.

Tsiku litafika, alamu ake analowa m'kachipinda kaja atavula chipewa, akumwetulira, poganiza kuti ndi nkhani ya kunyumba. Ataona mipando iwiri ija ndi kapu ya madzi, kumwetulira kunatha.

"Alamu, ndi ine?"

"Ndi gawo lonse, alamu. Zikopa zizibwera zodulidwa kale. Ntchito yanu yatha. Pepani."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili pabondo.

"Munadziwa liti?"

Akanatha kunama, koma sananame. "Papita masabata."

"Tsiku lija la mipando ya sofa munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Kuseri kwa khoma makina ankangolira. Mnzangayo anadikira kuti amutukwane, kapena amumenye kumene, ndipo akuti akanakonda zimenezo. Koma alamu aja anangotenga kapu, kumwa madzi onse, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Chabwino. Ntchito ndi ntchito. Koma achemwali anuwo mukawauze nokha. Ine mawu ake ndilibe."

Achemwali akewo anawapeza akusita mayunifolomu a ana. Anawauza ataimirira pakhomo la chipinda. Iwo anaimika simbi, n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe unkakhala pampando uwo, kutafuna, kumeza, uku ukudziwa?"

"Achemwali, ndikumva kuti chimene chakupwetekani kwambiri si ntchitoyo ayi, koma kuti—"

"Usandibwerezere mawu anga! Sindine wantchito wako ine. Ndinakusambitsa ndi manja awa."

"Ndikanauza alamu, ndikanayenera kuuza onse."

"Onsewo anakulera?"

Achemwaliwo anagwiranso simbi ija, n'kupitiriza kulankhula.

"Tinkati tikukutumiza kusukulu kuti pakhomo pano pakhale munthu woona patali, woti mvula ikamabwera azitiuza tianule zovala. Waona patali, n'kukhala chete. Tuluka, ndikufuna kumaliza kusita."

Malo a ku mipando ya sofa anali atatengedwa kale. Alamu aja anapeza kakona pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti ya mabasi, anaika benchi, n'kuyamba kusoka nsapato zong'ambika, zambiri mwa izo zotchipa zija. Munthu amene anadula zikopa zenizeni moyo wake wonse ankakhalira kumata mapulasitiki amene ankamatuka mawa lake. Mnzangayo ankawatumizira chithandizo, achemwali ake ankabweza. Ankadutsa pakhondepo, kuimika galimoto patali n'kuyenda wapansi, ndipo alamu ankamulandira bwino, kumupukutira benchi, kumufunsa za mwana. Nkhani ya fakitale sankaitchula.

Alamu aja anali ndi matenda a shuga kuyambira kale, ndipo mankhwala ankalandirira ku kiliniki ya pafakitale. Atachoka kumeneko anayamba kumwa modumphadumpha, chifukwa kukaima pamzere kuchipatala kunkatanthauza kutseka benchi tsiku lonse. Sanauze munthu. Tsiku lina mpeni unawacheka pachikhatho. Anamanga kansalu n'kupitiriza ntchito. Bala silinapole, dzanja linatupa mpaka m'chigongono, ndipo pamene ankawatengera kuchipatala anali akubwebweta.

Ndinapita ndi mnzangayo kukawaona. Wodiyo inali yodzaza, ena atagona pansi pakati pa mabedi. Tsiku limenelo mutu wawo unali bwinoko. Atationa anadzutsa munthu wa bedi loyandikana nalo.

"Achimwene, muoneni uyu. Ndi mlamu wanga. Anapita ku yunivesite ameneyu, sutikesi ndinamunyamulira ndine."

Wodwala mnzawoyo anagwedeza mutu mwaulemu. Mnzangayo anatuluka panja, ndipo ndinakamupeza ataima pafupi ndi mpopi, atagwira khoma. Alamu aja anamwalira sabata yomweyo.

Pamaliro anagwira ntchito zonse zimene mlamu amagwira, ndipo palibe anamuletsa. Anthu a ku fakitale anabwera ambiri, ochotsedwa ndi otsala omwe, ndipo akamadutsa ankamupatsa njira yaikulu kuposa imene munthu amafunika. Zonse zitatha anapita kukatsanzika kwa achemwali ake. Anali atakhala pamphasa, ana ali m'mbali. Anamuyang'ana ndi maso ouma.

"Zikomo pobwera, bambo. Muyende bwino."

Chibadwire chake anali asanamutchulepo kuti inu. Kuyambira tsiku limenelo sanamutchulenso kuti iwe.

Pasanathe miyezi yambiri mabwana anafuna kuchepetsa osoka, amene ambiri anali amayi. Ulendo uno mnzangayo anakana.

"Sindichita, bwana. Pezani wina."

Bwana uja anapukuta magalasi ake. "Palibe vuto. Mwaferedwa, mwatopa. Kapumeni sabata ino."

Lolemba m'mawa amayi aja anapeza geti lotseka, alonda achilendo ali ndi agalu. Mlonda wina anangokuwa kuti a mzere wakumawindo asalowe, ntchito yawo yatha. Anthu sanamvetse, anayamba kukankha geti kuti akafunse mkati. Apolisi anabwera n'kuponya utsi wokhetsa misozi. Pothawa, mtsikana wina amene anali ndi pakati anagwera m'ngalande, anzake n'kumuponda. Anapita padera.

Mawa lake masana amayi ena anafika kunyumba kwake. Sanalowe, anakhala pansi pakhonde. Anawatulutsira mipando, anaikana. Amene analankhula anali mayi wina wa imvi amene anasoka pafakitalepo kuyambira ali mtsikana.

"Sitinabwere kudzapempha ntchito, tikudziwa kuti yatha. Tabwera kudzafunsa kuti tinakulakwirani chiyani ife. Anzathu onse munawauza ngati anthu, atakhala pampando. Ife mwatisiyira agalu."

"Amayi, ndinakana chifukwa sindinkafuna kukhala nawo m'zimenezi."

"Mwakana, ndiye chasintha n'chiyani? Ntchito yatha chimodzimodzi, mwana wapita. Otsalawo tsiku lawo likadzafika, mukawauze ndinu. Tabwerera zimenezo."

Anadzuka, kusasa fumbi, n'kumapita. Sabata yotsatira mnzangayo anabwerera kuntchito.

Fakitaleyo inakhalapo zaka zina zingapo, ikucheperachepera, mpaka inatsekedwa. Omaliza kuwauza anali namwino wa ku kiliniki ndi alonda a pageti. Iye sanasowe ntchito ngakhale tsiku limodzi. Bwana uja anali atamutchula kwa anzake, ndipo makampani anayamba kumuitana: kophika buledi, kosindikiza mabuku, kampani ina ya mabasi. Ankafika, kukhala masiku angapo akuphunzira mayina ndi nkhope, kupempha kachipinda, kuchotsamo tebulo. Mbiri yake inkafika iye asanafike. Galimoto yoyera ija ikaima pageti nthawi ya nkhomaliro, anthu ankatseka mabokosi awo a chakudya osamaliza.

Chaka china yunivesite inamuitana kuti akalankhule ndi ophunzira amene ankamaliza, ngati chitsanzo cha munthu amene anagwiritsa bwino ntchito zimene anaphunzira. Anandipempha kuti ndimuperekeze. Holo inali yomwe ija, mipando yokha ndi imene inasintha. Kutsogolo kunakhala Mayi Umboni, atapuma kale pantchito, ndodo ili pakati pa miyendo. Mnzangayo analankhula bwino, monga mwa nthawi zonse. Ananena za kumvetsera, za kunena zoona ngakhale zikuwawa, za kuona vuto bwinobwino usanathamangire yankho. Ana aja ankalemba. Pamapeto mtsikana wina anakweza dzanja.

"Bambo, zimenezi zakuthandizani bwanji pa ntchito yanu?"

Mnzangayo anati, "Zathandiza kuti mawindo asasweke."

Holo yonse inaseka, poyesa kuti ndi nthabwala.

Pa nthawi ya tiyi Mayi Umboni anamukodola. Anamugwira dzanja osalisiya, n'kumufunsa kuti kwenikweni amagwira ntchito yanji masiku ano. Anawauza mosabisa, mpaka za alamu ake ndi za mtsikana wa m'ngalande.

"Zonse zimene munatiphunzitsa ndinazichita, mayi. Sindinasiyepo ngakhale chimodzi. Koma simunatiuze kuti munthu wotereyu adzamugwiritsa ntchito ndani."

Mayiyo anatakasa tiyi wawo kwa nthawi yaitali.

"Tinkaganiza kuti mukadzachuluka, inuyo ndi amene mudzakhale m'maofesi a m'mwamba."

"Ndinali m'mwambamo, mayi."

Kenako kunabwera wojambula zithunzi n'kuwapempha kuti ayandikane, amwetulire.

Anapitiriza ntchitoyo mpaka tsiku lina anagwa m'bafa, dokotala n'kumuuza kuti magazi akuthamanga moti akapanda kusiya, ulendo wina sadzadzuka. Anasiya. Mwana wake anali atakwatiwa kumzinda wina, ndipo atabereka, mkazi wa mnzangayo anapita kukathandiza kulera khanda. Khandalo pano likuyenda, iwo sanabwerebe. Amaimba foni Lamlungu. Achemwali ake anasamukira kwa mwana wawo wamkulu. Akakumana pamaliro a achibale amapatsana moni bwinobwino, iwo amafunsa kuti, "Kunyumba muli bwanji, bambo?" iye amayankha, basi.

Anagulitsa galimoto ija n'kumanga khola la nkhuku kuseri kwa nyumba. Ndimapitako mwezi ndi mwezi. Wachepa thupi, ndipo kuwerama kuja kwawonjezeka. Ukamalankhula naye sakuyang'ananso m'maso ngati kale. Amatsegula wailesi, n'kumangoti "eya, eya" pamalo posayenera. Anthu a m'deralo amagula mazira kwa iye, ndipo ambiri sadziwa kumene dzina lake linachokera.

Mwezi watha ndinamupeza atavala magambuti, mpango uli pamphuno. Chitopa chinali chitalowa m'khola. Nkhuku zina zinali zitafa kale, zina zitakhota makosi, zikungozungulira pamalo amodzi. Anali atakumba dzenje kumapeto kwa mpanda. Ndinavula jekete n'kumuthandiza kuzitola m'wilibala, nthenga zikumata m'manja. Zotsalazo anati azipha yekha madzulo, zisavutike.

Ndinamufunsa ngati agulenso anapiye. Anati aona mvula ikatha. Kenako anandipempha kuti ndimugwirire wilibala iye akatenge fosholo, chifukwa dzenje lija linali litachepa.